Maliro amene ndinalira ku Ulaya

Nkhani iyi ndikadaibisa, koma kwathu ku Chinyunyu onse anaimva kale, choncho bola muimve kwa mwini manyazi.

Kopaletivu yathu ya chimanga inatituma awiri ku wekishopu ku Ulaya, ine ndi mlembi wathu, ba Mai Njovu. M'ndege ndinawachenjeza: "Mai, uko musakandichititse manyazi ndi zakumudzi. Muzikaonera ine."

Tsiku lopuma tinapita kukayenda wapansi m'tawuni yakale. Tinjira topanikiza, pansi miyala yokhayokha, nyumba zokalamba kuposa ambuya a ambuya anga. Pakona tinangoona gulu la anthu likubwera pang'onopang'ono, onse zii! Patsogolo bambo wa jekete lakuda, atakweza ambulera, mvula kulibe.

Ine kutchalitchi kwathu ndine wapampando wa komiti ya maliro. Maliro ndimawadziwira patali. Ndinavula chipewa.

"Mai, zovuta izi. Tiyeni tiperekeze."

"Ba Tcheya, nanga bokosi lili kuti?"

"Latsogola! Azungu sachedwa."

Tinalowa pamzere. Koma abale, wolira panalibe ngakhale mmodzi! Ena akujambula ndi mafoni, wina akunyambita aisikilimu. Mtima unandiwawa: munthu n'kupita ngati nkhuku? Ndinayambitsa nyimbo ya maliro ndi besi yanga yonse. Anthu anacheuka. Ndinati eya, yawakhudza. Ndinakweza mawu.

Tinalowa m'tchalitchi chachikulu, tonse n'kuima pamanda a mwala. Wa ambulera uja anayamba kulankhula motsitsa, ine n'kudziwiratu kuti mwini maliro ndi ameneyu. Ndinagwada, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri, n'kutulutsa Chingerezi changa cha pa Sande.

"Pepani kwambiri, bambo. Anadwala nthawi yaitali?"

"Ndani?"

"Malemuwa."

"Iyi ndi mfumu, inafa zaka mazanamazana zapitazo. Ine ndine gaidi, awa ndi alendo odzaona malo."

Wanzeru akadatseka pakamwa. Ine ayi.

"Ndiye mwachita kuika lero?"

Tchalitchi chonse chinaphulika ndi phwete. Ba Mai Njovu, amene ndinkaopa kuti andichititsa manyazi, anali atatsamira chipilala, misozi mbwembwembwe, foni m'mwamba. Vidiyo inafika ku Chinyunyu ine ndisanakwere ndege.

Mpaka lero ndikamadutsa pamsewu, azimai ogulitsa matimati amafuula: "Ba Tcheya, pepani ndi zovuta! Mfumu ija munaika bwino?"

Usanayambitse nyimbo, yamba waona bokosi.