Maswiti Opanda Shuga pa Tsiku la Mavesi

Nkhani iyi akazi anga anandiletsa kuifotokoza. Koma popeza kwathu ku Pembamoyo aliyense amaisimba mothira mchere wake, bola muimve kwa ine mwini manyazi.

Chaka chatha ku chipatala cha pa boma ku Chadiza anandipeza ndi matenda a shuga. Tiyi wozuna ayi, mabanzi ayi. Mwana wanga wa ku Chipata atatopa ndi madandaulo anga, ananditumizira pa minibasi mapaketi awiri akuluakulu a maswiti opanda shuga, opangira anthu ngati ine. Ndinkadya imodzi patsiku ndipo sinkandichita kanthu.

Ine ndimaphunzitsa Sande sukulu pa tchalitchi chathu chaching'ono. Abusa amatiyendera kamodzi pa miyezi itatu, ndipo ulendo umenewu ana a kalasi yanga khumi ndi awiri anayenera kunena mavesi oloweza pamaso pa mpingo. Dzina langa linalinso pa anthu amene ankaganiziridwa kukhala akulu a mpingo. Mavesi akayenda bwino, ukulu ndi wanga. Ndinkaufuna kwambiri, sindibisa.

Vuto ndi lakuti ana a masiku ano saloweza chaulere. Lamulungu limenelo ndinawasonkhanitsa seveni koloko pansi pa mtengo wa mango kuti tibwereze komaliza. Wonena vesi bwino, switi. Wonena mokweza, ziwiri. Wosalakwitsa chaputala, zitatu! M'mutu mwanga masamu anali osavuta: choipa mu switi ndi shuga, ndiye ukachotsamo shuga chatsala n'chiyani? Pofika teni koloko paketi imodzi ndi theka zinali zitatha. Kamtsikana kena ka zaka zisanu, Tisa, kanadya khumi ndi zinayi kokha.

Mapemphero asanayambe, amayi a chigwirizano anagawa thobwa kwa aliyense monga amachitira abusa akabwera. Kenaka tinalowa.

Woyamba kuima kutsogolo anali Yohane, katswiri wanga. Anayamba bwino zedi. Pakati pa vesi anaima, maso tong'o, dzanja pamimba.

"Aphunzitsi, ndipite panja!"

"Maliza kaye!" ndinamunong'oneza.

Sanamalize. Anatuluka liwiro, nsapato imodzi n'kutsala paguwa. Wachiwiri ananena mawu atatu okha. Wachitatu sanafike n'kutsogolo komwe. Tisa ndiye amayi ake anachita kumunyamula m'khwapa ngati nkhuku yopita kumsika. M'mphindi zochepa benchi ya ana inali mbee, ndipo chimbudzi pa tchalitchi chathu n'chimodzi.

Abusa anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "AMbewe, anawa akuthawa chiyani?"

Mutu unandiwira. Miyezi iwiri ndikuphunzitsa, dzuwa likundiwotcha, lero zithere kuchimbudzi? Ndinaimirira.

"Ndi thobwa, abusa! Thobwa la lero ndi lowawasa, lawononga ana m'mimba!"

Kumbali ya amayi kunaimirira aNaphiri, mtsogoleri wa chigwirizano, amene akhala akuphika thobwa la mpingo kuyambira ine ndisanamere ndevu.

"Thobwa langa?" anamanga chitenje mwamphamvu. "Abusa amwa makapu awiri, si awo akhala phee? Inuyo mwamwa atatu. Thobwa lanji losankha ana a kalasi yanu okha?"

"Ana m'mimba mwawo ndi mofewa!"

Amake Tisa analowa akupukuta m'manja. "Mwana akuti mwakhala mukuwadyetsa maswiti chiyambire m'mawa."

Apa munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ndinasolola theka la paketi lotsala m'thumba la jekete n'kulikweza m'mwamba.

"Maswiti awa? Awa ndi a anthu odwala! Alibe shuga ngakhale pang'ono! Taonani!"

Ndinayamba kusenda n'kumaponya m'kamwa, ndikutafuna kukutu kukutu pamaso pa abusa, mpaka paketi inatsala mapepala okhaokha. Ndinakunkhumula m'manja ngati ndawina mlandu kukhoti.

Pamenepo anesi a ku kiliniki yathu, amene amapemphera nafe, anapempha paketiyo. Anaitembenuza n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo, timene ine sindinkadziwa n'komwe kuti tilipo.

"AMbewe, m'malo mwa shuga amaikamo chozunitsa china chimene thupi siligaya bwino. Chikachuluka chimakokera madzi m'matumbo, munthu n'kutsekula m'mimba. Mwana wamng'ono zitatu zokha zamukwanira. Alemba pano kuti osadya zambiri."

Kenaka anandiyang'ana mwachisoni. "Inuyo mwadya zingati?"

"Sindinawerenge."

Anauza amayi kuti asade nkhawa, anawo pofika madzulo akhala bwino, angowamwetsa pafupipafupi madzi owiritsa othira kamchere ndi shuga. Shuga! Yemwe uja ndimati ndiye choipa mu switi!

Abusa analalikira ola lathunthu ine nditaweramitsa mutu. Chakumapeto m'mimba mwanga munayamba kulira ngati ngolo yodutsa pa miyala. Ndinapana miyendo, thukuta kamukamu. Atamaliza ulaliki anati, "Tisanatseke, aMbewe apepese kwa amayi a chigwirizano."

Ndinaimirira mosamala kwambiri. "Amayi nonse, makamaka aNaphiri, ine ndi..."

Basi. Ndinatulukira khomo lomwe anatulukira Yohane, liwiro lake lomwelo.

Kuchimbudzi ndinapeza ana asanu ndi mmodzi ali pamzere, ena ulendo wachitatu. Ndipo amene ankayendetsa mzerewo, beseni la madzi ndi sopo zili pambali, anali aNaphiri. Anali atatuluka pakati pa ulaliki kukathandiza ana, ine osaona. Ndimapepesa benchi!

"ANaphiri, chonde, ndi imajensi!"

"Muli nambala seveni, aMbewe."

"Amayi, sindifika!"

"Ndamva kuti mumapepesa m'katimo. Ine sindinamve. Yambirani poyamba, mokweza, ndione ngati malo angapezeke."

Mpingo wonse unali pamawindo, abusa pawindo lapakati. Ndinapepesa ndikudumphadumpha ngati ndaponda moto. Ndinayamikira thobwa lawo, chimera chawo, ngakhale nkhuni zimene anaphikira.

"Chabwino," anatero aNaphiri. "Nambala sikisi."

Ukulu anapatsa amuna awo a aNaphiri, ndipo ine ndinavota nawo.

Musananamizire munthu pagulu, yambani mwaona ngati si iye adzaime pakhomo la chimbudzi.