A Mswachi ndi Lole ya Tomato

Malemu a Mswachi, makaniko wa kuseri kwa msika, ankasambitsa injini kuposa mmene ankasambira eni ake. Dzinalo analitengera ku mswachi wa mano umene ankakwechera buloko, chimthupi cha injini chija chokhalamo mapisitoni.

Amene anawona nazo zakuda ndi mlamu wawo, mlimi wa tomato. Lole yake itafa, tomato ali psuu m'munda, anaikankhira kwa a Mswachi poganiza kuti chibale chifulumizitsa ntchito. Chibale chake chiti!

Lolemba anaphwasula injini. Lachiwiri ananyika buloko m'palafini. Lachitatu mlamu anawapeza akupisa kawaya m'timabowo todutsa oyilo, diso limodzi atatsinzina.

"Alamu, tomato akuwola!"

"Muuzeni adikire. Muli mchenga umu."

"Si munatsuka dzulo?"

"Dzulo ndinatsuka litsiro la dzulo."

Lachinayi anakwecha ndi sopo ndi madzi otentha, kenaka n'kupukuta ndi nsalu yoyera ya patebulo, yoba m'nyumba. Pansalupo panatsala kadontho kakuda, kochepa ngati nthata.

"Mwaona manyaziwa? Tiyambirenso."

Mlamu anapsa mtima mpaka kukasuma kwa mlongo wake, mkazi wa a Mswachi.

"Inu mukulira masiku anayi?" anatero mayiyo. "Ine chitseko ichi akuchikonzabe chikwatirane."

Ntchito inatha pa tsiku lachisanu ndi chinayi, theka la tomato litadyedwa kale ndi nkhumba. Mlamu anakhala miyezi itatu osawapatsa moni. Koma loleyo inayenda zaka zisanu ndi ziwiri osatsokomola, ndipo zimenezi zinkamukwiyitsa kwambiri, chifukwa analibe poyambira kuwanyoza.

A Mswachi anatisiya chaka chatha, injini ya lole ija nayonso n'kutopa. Amakaniko amene analowa m'galaja ya malemuwo anangoithira madzi a paipi, kumanga, tsiku limodzi basi. Mlamu anatuluka akuimba mluzu. Sabata isanathe lole inagogoda n'kuima pakati pa chitunda, tomato ali tho kumbuyo. Mchenga unali utatseka njira ya oyilo.

Masiku ano magalimoto amatuluka m'galajamo msangamsanga, n'kubwereranso msangamsanga ochita kukokedwa ndi chingwe. Mlamu anafika ndi yake momwemo. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenaka anayankhula yekha.

"Alamu, bwerani mudzandichedwetsenso."