Kaseti ya Rumba Yopanda Rumba

Lolemba

Bwana andiitana m'mawa. Ati andisamutsira ku Chelinda, ndikasunge stolo ya kampu. Ku Nyika, abale, June uno! "Malo abwino, mpweya wabwino, mbawala zokhazokha." Iwo sanagoneko ngakhale kamodzi.

Lole inyamuka Lolemba likudzali. Yadzaza kale ndi simenti ndi madiramu a dizilo, ndiye malo anga ndi awa: matiresi, chikwama chimodzi, ine mwini. Mipando ndi bedi zikakhala kwa alamu anga. Makatoni a makaseti alamu akana. "Mphemvu, mlamu, mphemvu."

Makatoni atatu odzaza. Ndakhala ndikugula kuyambira chaka cha riferendamu, anzanga akugula njinga ndi malata. Muli:

makwaya a kwathu ku Ntcheu ndi a kuno kumpoto
rege
rumba ya ku Congo, yambiri kuposa momwe mkulu wa mpingo ayenera kukhalira nayo
azungu a zipewa zikuluzikulu olira ndi magitala
maulaliki omwe sindikudziwa kuti anabwera ndi ndani

Ndi ija. Ija ya NyaMhango, malemu mkazi wanga.

Tsiku lomwe ndinagula wailesi yaikuluyi ndinkafuna kuyesa batani lojambulira, koma kaseti yopanda kanthu ndinalibe. Ndinatenga ya rumba, n'kutseka timabowo take ndi pepala lotafuna, n'kudina. Iye ankasita zovala akuimba nyimbo ya kutchalitchi m'Chitumbuka, osadziwa kanthu. Atazindikira anandikalipira za mabatire, kenaka n'kuseka. Basi. Mawu ake atsala mmenemo mokha padziko lonse lapansi. Chikuto chikadali cha rumba, amuna asanu a masuti onyezimira.

Ndimaiika mwina kamodzi pachaka, chifukwa wailesiyi yakalamba, yayamba kutafuna matepi. Ndikaiika ndimaimirira pomwepo, chala chili pa batani, mtima uli m'mwamba.

Mapulani: ndipeze kachipangizo kolowa m'thumba, nyimbo zonse zilowemo, NyaMhango ayambe kulowa. Sabata yonse ilipo. Chovuta n'chiyani?

Lachiwiri

Ndalakwitsa kufunsa mu ofesi. Aliyense ndi katswiri.

Kawailesi ka kaseti ka m'thumba, ka zomvera m'makutu. Kamanyamula kaseti imodzi. Nanga zinazo ndizisenza pamutu? Kamadyanso mabatire ngati kali ndi njoka zam'mimba.

Ka ma CD. A akaunti akukayamikira chomene. Ma CD ndili nawo awiri, onse a ukwati wa anthu ena. Atinso ukagunda bampu kamalumpha nyimbo. Msewu wa ku Chelinda ndi bampu imodzi yaitali.

Foni ya memole. Mayi wotaipa ati ndi yomwe anthu otsogola akugwiritsa ntchito. Ndikaitchaja pa chiyani, pa mbawala?

Kawailesi ka memole khadi, kokhala ndi kasola pamsana. Dalaivala wa ofesi ati kakhadi kake n'kochepa ngati chikhadabo koma kamameza makatoni khumi. Bodza limenelo. Komabe ndalemba.

Mesenjala, ndi "ada" wake wa kuno m'malo mwa "bambo": "Ada, ingoimbani nokha. Kumeneko kulibe woseka."

Ndazungulira msika wonse pa nthawi ya nkhomaliro. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndabwerako ndi fumbi m'mano ndi sikono imodzi yowuma. Sindinasankhe kanthu.

Kuzizira kwayamba kale pano pa Boma. Nanga kumtunda kuja?

Lachitatu

Ndasankha! Ka memole khadi, kofiira.

Ndakapeza kwa a Kumwenda, obena nyimbo kuseri kwa depoti. Bambo aakulu bwino, a mandala, kompyuta yovundikira ndi nsalu ya zingwe ngati keke ya ukwati. Akatsegula kuti ndimve. Kanthu kochepa ngati sopo, koma phokoso lake mpaka nkhuku za panja kubalalika.

Ndafunsa ngati makaseti angalowemo. "Onse, ada. Bweretsani onse. Lachisanu mudzatenge." Lachisanu lomweli! Dziko lapita patsogolo ine ndili kubweza matepi ndi bolopeni.

Tagwirizana kusinthana. Iwo atenga wailesi yaikulu ndi makaseti akamaliza kubena, ine nditenga kawailesi ndi khadi yake. Makasetiwo ati amagulitsa kwa madalaivala a minibasi, ndi okhawo atsala nawo mawailesi otere. Mtima wandipweteka pang'ono, koma nanga alamu ndi mphemvu zawo.

Ndakankha makatoni pa wilibala yobwereka, Boma yonse ikundiyang'ana. Wina wafuula kuti kodi andithamangitsa lendi.

Ija ndaipereka payokha, ndi manja awiri. Ndati iyi muyambe nayo, muisamale, ndipo iyi yokha ndidzaitenga. A Kumwenda ayang'ana chikuto, ayang'ana ine, n'kuseka. "A dala, kani mumadula rumba chomene!" M'shopu munali amayi awiri a kumpingo kwathu, odzabenetsa makwaya. Ndikananena bwanji kuti muli mkazi wanga akusita? Munthu wa imvi kulira pa depoti? Ndangoseka nawo.

M'nyumba muli zii. Ndadya nditaimirira.

Lachinayi

Kulongeza. Chikwama chakana jekete ndi bulangete pamodzi. Chimodzi ndichivala.

Zofunika kugula: sokosi zaubweya, mankhwala a chimfine, tochi, kulimba mtima.

Masana ndadzera kwa a Kumwenda. Ati katoni yoyamba yatha, yachiwiri ili pakati. Ha! Katoni yomwe ine ndimamvera mwezi wathunthu! Makina a masiku ano ndi ufiti ndithu.

Chondidabwitsa: wailesi yanga ili pashelefu yapamwamba, chingwe chake chokulungidwa momwe ndinakulungira ine dzulo. Wailesi ina ya kaseti m'shopumo sindinaione. Nanga akuziimbira pati? Ndimafuna kufunsa, koma kunali mzere wa anthu, ndipo sindifuna kuoneka wotsalira pa Boma pomwe ndagwirapo ntchito zaka zonsezi. Mwina kompyuta ili ndi kabowo kake kumbuyo.

Ndafunsa za ija. "Ija ndiye inali yoyamba, ada, yatuluka bwino chomene." Ndati ndipatseni ndizipita nayo. Ati ili pansi pa zinzake, mawa ndidzatengere limodzi ndi kawailesi.

Yatuluka bwino chomene! Ndayenda mpaka kunyumba ndikumwetulira ndekha ngati wopenga. Ku Chelinda ndizikamumvera tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, popanda kuopa kuti atafunidwa. Azikandikalipira mpaka dzuwa lithe mu kasola.

Lachisanu

Phwando londitsanzika. Zolankhula zisanu ndi chimodzi, mabisiketi paketi imodzi. Bwana ati ndine mzati wa ofesi. Mzati amautumiza kuphiri? Mphatso: kapu ya pulasitiki.

Ndafika kwa a Kumwenda dzuwa litapendeka. Iwo kulibe, apita ku Mzuzu kukaoda katundu. Akazi awo andipatsa kawailesi m'pepala la shuga. Ndafunsa kaseti yanga ija. "Za makaseti ine nkhumanya yayi." Sakudziwapo kanthu. Pakona pali makatoni anga, awiri ali pululu.

Ndathamangira kunyumba. Ndatseka chitseko, ndakhala pa matiresi, ndapukuta m'manja. Ndadina.

Rumba.

Rumba yeniyeni, yoyera, magitala ali ngwee, amuna asanu aja akukuwa mosangalala. Nyimbo zomwe ndinafufuta ndi manja anga zaka zapitazo, zabwerera zonse.

Ndadina patsogolo. Rumba. Patsogolo. Rumba. Ndadina mpaka chala kuchita dzanzi. Zomwe ndapezamo:

makwaya, koma ena si anga
rege yambiri, iyi ndiye ilipo
achinyamata olankhula mothamanga ngati akugulitsa fodya ku okushoni
nyimbo za kampeni za zipani zitatu
mlaliki wa ku Nigeria akutulutsa ziwanda

Makwaya a ku Ntcheu mulibe. Azungu a zipewa alimo awiri okha.

NyaMhango mulibe.

Mwina ali kumapeto. Kumapeto sindinafike, kawailesi kathima, kakufuna dzuwa. Nsima yandikanika.

Loweruka

Ndafika a Kumwenda asanatsegule. Abwera akutafuna chinangwa, osadandaula n'komwe.

"Ada, kaseti imodzi ndi ola lathunthu. Makatoni atatu ndingamalize chaka chamawa! Ine ndimawerenga pachikuto, n'kukuikirani yomweyo kuchokera mu kompyuta. Yomwe ndilibe ndimaika ina yabwino. Aliyense ndimamuchitira choncho, palibe anadandaulapo."

Ati rumba ija anachita kuifunafuna mpaka mnzawo wa ku Mzuzu kuwatumizira pa foni, poona momwe ndimaikondera. Amayembekeza kuti ndithokoza.

Safunsa anadya phula. Ine ndadya ndi njuchi zomwe.

Ndawauza zomwe zinali mkatimo. Ndanena mokweza, pa depoti, anthu akumva, zomwe zinandikanika kunong'ona Lachitatu. Chinangwa chawagwa m'manja. "Phepani chomene, ada. Mukananena." Inde, ndikananena.

Kasetiyo anaiika pambali ndithu, pa kauntala. Dzulo m'mawa madalaivala atabwera kudzasankha, iwo ali kalikiliki kukonzekera ulendo, inapita ndi zinzake. Akuganiza kuti anatenga a Nyirenda, a minibasi yoyera yosweka galasi lakumbuyo.

Ndadikira pa depoti tsiku lonse. Minibasi zonse ndi zoyera. Zonse ndi zosweka galasi lakumbuyo.

A Nyirenda afika madzulo, bambo onenepa, a ndevu za imvi. Nditangotchula rumba ayamba kuseka mpaka kugwira chitseko.

"Ndinu eni ake? Ine ndagula rumba, ndaika, ndikumva mayi akuimba sumu ya kutchalitchi! Kenaka akukalipa!" Apinda milomo, achepetsa mawu ngati mzimayi: "Imwe, zimitsani chinthu chanucho! Mabatire mukumaliza, pomwe sopo mulibe m'nyumba muno!" Ati basi yonse inagwa nacho chiseko. Amayi a kumbuyo anati bwerezani, amuna amve. Anabwereza. Anabwerezanso. Kachitatu wailesi inaitafuna. Anaisolola ngati matumbo a nkhuku n'kuiponya pawindo, pa Njakwa, asanafike pa mlatho.

Ndati sanati sopo, anati mchere.

"Sopo, ada. Tamva tonse."

Kenaka afunsa kuti mayiwo ali kuti, akufuna awapatse moni. Ndawauza. Avula chipewa. Sanasekenso.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Amayi awiri aja akhala atauza kale mpingo wonse za mkulu wa rumba.

Ndakwera ya a Nyirenda mpaka pa Njakwa. Akana kuti ndilipire. Wailesi sanatsegule njira yonse, anthu akudandaula kuti basi yanji yopanda nyimbo. Anditsitsa pomwe akuganiza kuti ndi pomwepo. "Kapena patsogolo pang'ono. Kapena tadutsa."

Ndayenda m'mbali mwa msewu, uku ndi uku, ndikufukula udzu ndi kamtengo. Mphepo yochokera m'chigwa cha Rukuru ikulowa mpaka m'mafupa. Zomwe ndapeza:

mabotolo
nsapato imodzi ya mwana
zikonyo za chimanga
tepi

Tepi ndiye iliko. Yakola m'minga, yazinga m'maudzu, ina yakwera mumtengo, ikunyezimira. Kani madalaivala onse amatayira pamenepa, zaka ndi zaka. Yonse ndi yofiirira, yonse ndi yofanana. Ndaigwira ina, ndaiyang'anitsa padzuwa ngati ndiona mawu. Mayi wogulitsa nthochi wandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka wandipatsa nthochi imodzi yaulere. Akuyesa ndazungulira mutu.

Sindinatole kalikonse. Ndikatola ya mlaliki?

Pobwerera ndakwera yomweyo. Anthu atatsika pa depoti ndatsalira, ndawapempha a Nyirenda kuti anenenso momwe ananenera dzulo, ndi mawu aja. Ayang'ana chiwongolero. Anena, koma ndi mawu awoawo, pansipansi, ngati akuwerenga uthenga wa maliro. Sopo.

Njira yonse yakunyumba ndakhala ndikuyesa. Mchere mulibe m'nyumba muno. Sopo mulibe m'nyumba muno. Zonse zikumveka ngati iye. Ndinkaiopera kasetiyo, ndinkangomvera kulira kwa wailesi kuti isatafune, mawuwo osawamvetsera. Anthu a mu minibasi amumva katatu tsiku limodzi, akumudziwa kuposa ine.

Ndi kuseka kuja. Kodi kumayamba asanamalize kukalipa, kapena atamaliza? Sindikudziwa, NyaMhango. Sindikudziwa, mayi.

A Kumwenda atumiza uthenga kuti ndipite akandiwonjezere makwaya ulere. Yewo.

Kawailesi kakhala padzuwa tsiku lonse, kadzaza. Kakugwira ntchito bwinobwino, ndinasankha bwino. Ndakakulunga m'sokosi n'kukaika pansi pa chikwama. Lole ati ibwera m'mawa, ndikhale nditavala jekete.