Pulasitala Kumsana, Nyimbo Kutsogolo

Masiku a Chitaganya ndinali mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni kufupi ndi Sinda, ndiponso ndine ndinkatsogolera nyimbo kutchalitchi. Chaka china ziwengo zinanditulukira m'khosi ndi m'manja, kuyabwa kwake kosati masewera, moti ndinapalasa njinga mpaka kuchipatala ku Katete.

Dokotala anali mzungu, ndipo womuthandiza, a Mbewe, ndiwo ankamasulira. Anati pali chinthu chimene khungu langa limadana nacho, choncho ndibweretse pang'ono pa chilichonse chimene chimandikhudza thupi. Ine mawu akuti pang'onowo anandipita. Lachisanu ndinafika ndi bulangete lathunthu, mtanda wa sopo, choko, fodya wa m'munda, ndi mphaka wathu ali m'dengu akulira njira yonse.

"Aphunzitsi, mwasamuka?" anafunsa a Mbewe, odwala pamzere akuseka.

Dokotala anadula tizidutswa, mphaka anangomumeta tiubweya, n'kumata zonsezo kumsana kwanga ndi pulasitala, chilichonse pamalo pake. Lamulo linali lakuti ndisasambe, ndisakande, ndibwerenso Lolemba, kuti pamene patupe tidziwe mdani.

Munthu wanzeru akanakhala pakhomo Lamlungu limenelo. Koma kunkabwera abusa achilendo ochokera ku Fort Jameson, ndiye nyimbo ndikanasiyira yani? Ndinavala jekete langa lakuda, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee.

Ndime yoyamba inayenda bwino. Pa yachiwiri thukuta linatsikira kumsana, pansi pa phewa pakayamba kunyerenyetsa ngati palowa linthumbu. Ndinagwedeza phewa, anthu n'kuyesa ndikuti afulumire. Ndinagwedeza linalo, iwo anafulumiranso, nyimbo yolapa machimo yomwe timaimba mozyolika ija n'kumathamanga ngati ya pa chinamwali. Nanga ndikanatani? Ndinabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka ndinapeza nsanamira, n'kuyamba kudzikhula pamenepo, mmwamba, pansi, mmwamba, dzanja likumenyabe nyimbo. Ana a sukulu pa benchi lakutsogolo, poti anazolowera kutsanzira aphunzitsi awo, nawonso anayamba kunjanja. Abusa anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso.

Titafika kunyumba ndinavula malaya, tizidutswa tonse tinagwa pansi. Ndinachonderera mkazi wanga, NaPhiri, kuti atimatenso.

"Nanga ndidziwa bwanji kakuti kanali pati?"

"Ingomatani, mayi, mzunguyo sazindikira."

Lolemba dokotala anandikweza malaya n'kuyang'anitsitsa. Msana wonse unali wofiira ndi nsanamira ija, osadziwika potupa ndi pati. Anamatula pulasitala mmodzi, ananunkhiza, n'kulankhula kanthu. A Mbewe anayamba atembenukira kukhoma, mapewa akugwedera.

"Adokotala akufunsa kuti ndiwozi wakuikani ndani."

Kani kafodya kaja kanasowa, ndipo NaPhiri posafuna kundidandaulitsa anangotsina tsamba la nkhwani zomwe ankasadzula n'kumata. Ine ndagona nazo, ndapalasa nazo njinga mpaka ku Katete, mphunzitsi wathunthu ndiwo zili kumsana.

Anandimata zatsopano msana utapola, ndipo mdani anapezeka kuti ndi sopo. Koma chondipweteka n'chakuti akulu a mpingo anadzandiuza kuti abusa aja anayamikira, ati sanaonepo mtsogoleri woimba ndi thupi lonse chotero, ndipo akundifuna ku msonkhano waukulu. Ndinakana. Kuyambira pamenepo dokotala akati khalani pakhomo ndimakhaladi, ndipo poimbitsa nyimbo ndimaima pakati penipeni, kutali ndi nsanamira.