Galimoto Yoopa Nkhungu

Lolemba

Kalata yafika. Akazi anga, mayi a Esinati, akubwera Loweruka m'mawa pa basi yochokera ku Blantyre, kudzaona ngati Mzuzu ndi malo oti munthu n'kukhalako. Akakhutira asamuka ndi ana. Akapanda kukhutira ndipitiriza kuyankhula ndi wailesi, monga ndachitira miyezi isanu ndi inayi tsopano.

Ndadziputira ndekha. M'makalata onse ndakhala ndikudzitama ndi galimoto: kuti ndidzawachingamira pa depoti, kuti matope sadzawapondanso. Sindinalembepo kuti galimotoyo imadana ndi m'mawa. Masana imalira kamodzin'kamodzi. M'mawa imangoti khrr, khrr, kenako zii.

Zoti ndichite:
- kutsuka mapulagi
- kuona batire
- kubwereka mpando wachiwiri
- kuchapa bulangete la alendo

Masiku asanu ndi ambiri.

Lachiwiri

Nkhungu ya kuno ku Salisbury Lines ndi yoti chimbudzi chako chomwe umachita kuchifufuza. Mapulagi ndawakwecha ndi sandipepa mpaka mbee. Ndikupotokola kiyi: khrr. Ndikukoka choki yonse: fungo la petulo basi.

A Nyirenda a nyumba yoyandikana nayo, mswachi uli kukamwa: "Monire adada. Yazizidwa iyo, muziifunditsa."

Mwezi uno palibe amene wandiyankhulapo mawu ambiri chonchi pa layini pano, ndiye ndawamvera. Bulangete la alendo ndayala pa injini. Ku ntchito ndapita wapansi.

Lachitatu

Yagona mofunda koma sikulira.

Ku ofesi aliyense ndi makaniko, ngakhale amene alibe ndi njinga yomwe:
- wa pa taipi: maasipirini awiri m'batire
- mesenjala: mbaula pansi pa injini
- a Mhango, amene timakhala tebulo limodzi: gulitsani

Maasipirini ndamwa ndekha, mutu ukuwawa. Mbaula ndiyesa mawa.

Madzulo ndasesa m'nyumba kawiri. Palibe wodetsa.

Lachinayi

Mbaula pansi pa injini, ine pambali ndikuothera nawo. Kafungo kakubwera. Ndikuganiza kuti a Nyirenda apsereza phala. Ayi ndithu, ndi ngodya ya bulangete yomwe imalendewera pansi. Bowo lake n'loti mutu wanga ukulowa. Mayi a Esinati adzafunda chiyani?

Masana ndapita nayo ku Katawa kwa a Chirwa, makaniko wa ku Nkhata Bay. Pamaso pawo yalira bwinobwino, ngati mwana wodwala akaona jakisoni. Atsegula boneti, agogoda apa ndi apo ndi sipanala.

"Batire yatopa, bwana, ndipo kwanu kula n'kudambo. Chinyezi chikulowa mu distribyuta. Ya kumwera iyi, ngati imwe."

Batire yatsopano akuti ili m'njira pa lole, mwina kumapeto kwa mwezi. Pakadali pano malamulo ndi awiri: igone pamtunda kuti m'mawa izitsetsereka, ndipo ikalira osaizimitsa dzuwa lisanatuluke.

Ku Salisbury Lines mtunda kulibe, ndi pathyathyathya ngati lichero. A Mhango avomera kuti izigona kwawo ku Katoto, komwe kuli mtunda. "Yewo chomene," ndathokoza m'Chitumbuka, ndipo ana awo aseka katchulidwe kanga.

Lachisanu

Kuchoka kwathu kukafika pomwe pagona galimoto ndi kutali kuposa kuchoka kwathu kukafika ku ofesi. Izi ndaziona ndili kale m'njira.

Kuchotsa mwala kutayala. Giya yachiwiri. Kutsetsereka, kutsetsereka, kusiya kilachi. Yatsokomola kawiri. Yalira!

Ndinafuna wina woti ndimuuze. Ndauza mpando wa pambali. Ndayeserera pomwepo moni wa mawa: "Mwayenda bwanji, mayi? Lowani, katundu aikidwe kumbuyo." Ndabwereza katatu, ndipo ku ntchito ndachedwa ndi ola lathunthu.

Loweruka

Ndalawirira ku Katoto, yatsetsereka, yalira. Pa depoti ndafika basi isanayembekezeke n'komwe. Pamalopo m'posalala, nkhungu ili tolo, choncho injini sindikuzimitsa.

Seveni koloko, basi kulibe. Eyiti, kulibe. Aliyense amene ndamufunsa akuti ili pafupi. Dzuwa nalo akuti lili pafupi.

Muvi wa petulo ukutsika. Ndathamangira pothirira mafuta: potseka. Masitolo otseka, msika wotseka, anthu onse ali ku msonkhano wa chipani. Anyamata a yunifolomu andifunsa khadi la chipani, ndawaonetsa, andisiya poti ndikudikira mlendo.

Itadutsa leveni basi yatulukira, matope mpaka m'mawindo. Galimoto yanga yanjenjemera pang'ono n'kuzima. Petulo watha.

Mayi a Esinati atsika, avala nsapato zoyera zazitali zomwe sindinazionepo. Moni wanga uja sindinaumalize. Woyang'anira depoti akukuwa kuti ndatseka pokhotera basi, ndichotse msanga. Okankha palibe, okwera anzawo ndi nkhalamba ndi amayi a makanda.

Mayi a Esinati aika sutikesi pansi, amanga chitenje m'chiuno. Ine pa chiwongolero, iwo kumbuyo. Ndimawaona pa kagalasi. Manyazi ake ndilibe mawu.

"Kwathu ku Thyolo ndimakankha wilibala," atero, "koma imakhala ndi nthochi."

Tapita kunyumba wapansi, sutikesi pamutu pawo, nsapato m'manja mwanga.

Lamulungu

Anyamuka ndi basi ya m'mawa. Akuti ana amalize kaye chaka kusukulu, zinazo tidzaona. "Tidzaona" wa mayi a Esinati ndimamudziwa.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Bulangete asoka bowo lija osafunsa kuti linabwera bwanji. Ali pawindo la basi ndi pamene anena:

"Bambo a Esinati, kukankha si vuto. Mukanangondilembera zoona, ndikanavala nsapato zina."

Galimoto ikadali kuseri kwa depoti. Ndaidutsa osaiyang'ana.

Kutchalitchi sindinapite. M'nyumba muli zii, ndipo ndawasowa kuposa mmene ndinkawasowera asanabwere. Ndakhala pa tebulo, ndayamba kalata ina, yoona yokhayokha: kuti denga limadontha pamwamba pa bedi, kuti ku ofesi sanandikweze monga ndinanenera, kuti anzanga ambirimbiri aja ndi a Mhango okha, kuti Chitumbuka ndimadziwa moni basi.

Ndafika tsamba lachitatu. Za galimoto sindinayambe.