Ulemu Wanga Unaboola Chivundikiro cha Injini

Pa wekishopu ina ku Workington, dera la mafakitale, pali chivundikiro cha injini chopachikidwa pakhoma, chili ndi mizere ngati munda wa mbatata ndi kabowo pakati. Alendo amafunsa kuti anachipanga ndani. Ine ndimakhala ngati ndikusesa.

Ndinali nditangofika kumene kuchokera kumudzi, ndikukhala kwa amalume ku Mufakose. Iwo ndiwo anandipemphera ntchito kwa mnzawo wa kutchalitchi, Bambo Chirwa, kapitawo wa pamalopo. Anagwirizana zoti andiyese kaye sabata imodzi. Pondiperekeza kokwerera kombi, minibasi za kuno, amalume anati, "Ndawauza kuti ndiwe mwana wosamala zinthu. Usandisandutse wabodza."

Ntchito yathu inali kuchotsa penti ndi dzimbiri pazitsulo ndi makina opopera madzi. Madzi ake satuluka ngati a pampopi. Amatuluka moduka-duka, mofulumira moti diso siliona, ndipo kachidutswa kalikonse kamamenya ngati kanyundo. Bambo Chirwa anandilongosolera zonsezi, mwina m'Chichewa, mwina m'Chishona. Ine ndinkangoti, "Inde, bambo" (kwathu kufunsa wamkulu kawiri n'chipongwe).

Mkati mwa sabatayo kunabwera chivundikiro cha aluminiyamu cha lole ya kasitomala, choti tichotse penti yakale. Bambo Chirwa anatchera okha makina: mphamvu ya madzi, mtunda wa pakati pa kamwa ya paipi ndi chitsulo, ndi liwiro loti mkono wa makina uziyendera. Kenaka anaitanidwa kugeti.

"Ungoyang'anira, mwana wanga," anatero. "Aluminiyamu ndi yofewa, imafuna kusamala."

Mawu oti kusamalawo ndiwo anandipweteka. Makina atayamba, ndinaona kamwa ya paipi ili pafupi kwambiri ndi chitsulo cha eni ake, ikuthamanga ngati yaba kanthu. Mtima unakana. Kwathu ukamasambitsa wamkulu m'manja sumukhuthulira madzi mwaphuma. Umakweza jagi pang'ono n'kumathira mwachifatse. Ndiye ndinakweza paipi kuti madzi azifika atafooka, ndinachepetsanso liwiro.

Penti inayamba kusendeka bwino lomwe. Ndinadzimva kukoma (ndinayambanso kuganiza mmene ndikawauzire amalume). Koma m'mene mwadutsa madzi munkatsala mzere wokakala. Ndinati ndiye kuti akadali ndi ukali, choncho ndinachepetsanso liwiro.

Zuze, mnzanga wa pa benchi ina amene makolo ake anachokera ku Tete, anatukula mutu.

"Achimwene, phokoso lasinthatu. Mwagwira chiyani?"

"Ndangochepetsako nkhanza," ndinayankha.

"Nkhanza za ndani?"

Pakati pa chivundikiro panali kadontho ka penti kokanirira. Ndinaimitsa mkono pomwepo kuti madzi akachotse modekha. Ndinadikira, manja kumbuyo, ngati mwana wa sukulu pamzere. Kadonthoko kanachokadi. Pamalo pake ndinaona simenti ya pansi.

Bambo Chirwa anandipeza nditazimitsa makina, nditatseka kabowoko ndi chala. Anachotsa chala changa, ananyamula chivundikiro, n'kundisuzumira ndi diso limodzi kudzera pabowopo.

"Ndikukuona bwino ndithu," anatero. "Tandiuza."

Ndinafotokoza zonse, za jagi zomwe. Zuze anagwira benchi kuti asagwe. Ine ndinkangoona nkhope ya amalume ndi basi yobwerera kumudzi.

"Mwana wanga, madzi awa si apongozi ako," anatero Bambo Chirwa. "Paipi ikakhala pafupi, madzi amafika asanaduke bwino, amangokankha. Ukaikweza pang'ono ndiye amafika atasanduka tinyundo tija, pamenepo amadya chitsulo. Patali kwambiri amangomwazika. Ine ndinaika pafupi dala. Iwe wakweza mpaka pomwe amaluma, n'kuwapatsanso nthawi yoti atafune."

"Pepani, bambo. Ndinyamule chikwama?"

Anasisita mizere ija ndi chala.

"Mizereyi yawongoka," anatero. "Munthu waphuma saononga mwadongosolo chonchi."

Chivundikiro china Bambo Chirwa anakachipeza kogulitsa zitsulo zakale ku Willowvale, ndipo kasitomala anang'ung'udza tsiku lonse. Ine Bambo Chirwa anandipatsa mulu wa zidutswa za aluminiyamu, mkuwa ndi chitsulo cholimba. Anati ndiziyesa chimodzichimodzi, pafupi ndi patali, mothamanga ndi mwachifatse, mphamvu yambiri ndi yochepa, mpaka maso anga adziwe chimene madzi amachita. Anawonjezera lamulo limodzi: ndikati "Inde, bambo" ndisanamve, ndizikasesa bwalo lonse.

Sabata itatha sanandiuze kuti ndalembedwa. Anangonditumiza kukasankha ovolosi yondikwana. Masiku ano kukabwera chitsulo chofuna kukakalitsa chisanapakidwe, amaitana ine, ati ndili ndi dzanja la mizere. Kufunsa ndikuphunzira, ngakhale bwalo ndasesako kangapo.

Tsiku la kabowo lija, nkhani inafika ku Mufakose ine ndisanatsike kombi. Madzulo ake nditagwada ndi jagi kuti ndiwasambitse m'manja, amalume anabweza manja awo msanga.

"Tsitsa jagiyo, ndipo uthire mothamanga," anatero. "Manjawa ndikuwafunabe."

Ndinati, "Inde, amalume." Kenaka ndinakweza jagi pang'ono. Dzanja linangochita lokha.