Zakeyu ndi Kandulo ya a Kapuya

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere, ndipo amene angakuuzeni kuti unachokera kwa ofula njuchi akale, mumuuze kuti abwere adzatsutsane nane pano.

Ku yunivesite ya ku Zomba kunali mnyamata wina dzina lake Zakeyu Kamtedza. Ankaphunzira mbiri ya Ayuda, makamaka aja anathamangitsidwa ku Sipeini kalekale n'kubalalika ndi chilankhulo chawo chotchedwa Ladino. Zakeyu ankayenda chifuwa patsogolo ngati tambala wa mzungu. Ukamufunsa nthawi, ankayamba wakuuza amene anapanga wotchi.

Tsiku lina mphunzitsi wawo, a Dokotala Kalonjere, anati: "Loweruka tikacheza kwa a Moshe Kapuya ku Limbe. Makolo awo anali Ayuda olankhula Ladino a pachilumba cha Rodesi. Amene akaonetse nzeru kumeneko ndi amene ndidzapite naye ku Rodesiko kukafufuza. Malo ndi amodzi basi."

"Mpando wa m'ndegewo aupukutiretu," anatero Zakeyu.

Mtsikana wa m'kalasi mwake, Tiyanjane, anamuyang'ana. "Aise, wakonza mafunso?"

"Mafunso? Ine? Mchemwali, amafunsa ndi osochera. Ine ndinamaliza laibulale yonse mpaka mashelefu anandipempha kuti ndiwasiye apume."

Loweruka anafika. A Kapuya anali nkhalamba yaifupi, ya mawu ngati lipenga, ndipo Chichewa ankachithyola bwinobwino.

"Lero ndi Sabata," anatero. "Kuno sitilemba, sitiyatsa moto mpaka nyenyezi zituluke. Zolemberazo bisani. Funsani ndi pakamwa! Kwathu mwana akakhala osafunsa timamugwira pamphumi, mwina wadwala."

Tiyanjane anayamba. Nyimbo iyi ikuti chiyani? Agogo anu ankatukwana m'chilankhulo chanji? Mkuluyo ankangoseka, kuyankha, kuimba. Zakeyu anapinda miyendo, n'kumangoti, "Ee, zimenezo n'zodziwika. Tsamba lachitatu."

Kenaka kunabwera mbale ya timabisiketi topotapota totchedwa reshika. "Kome, kome! Ndiye kuti idyani!" anakuwa a Kapuya.

Onse anatola. Koma maso a Zakeyu anali pa katebulo ka pakona. Pamenepo panali mbale yasiliva, ndipo m'mbalemo munagona chinthu chachitali, chachikasu, cholukidwa ngati tsitsi la mkwatibwi, chonunkhira uchi. Palibe ankachikhudza.

"Mwaona?" ananong'ona Zakeyu. "Tinyenyeswato n'ta anthu wamba. Chachikulucho asungira mlendo wozindikira. Akutiyesa."

"Tafunsa kaye, iwe," anatero Tiyanjane.

"Ndifunse kuti a Dokotala amve kuti sindikudziwa? Ukufuna undilande ndege eti? Ndakuona!"

Anthu atatuluka kukhonde kukadikira nyenyezi, Zakeyu anatsalira. Anachinyamula, n'kuluma. Gwa! Mano analowa, koma kutuluka anakana. Anatafuna. Chinthu chija m'malo mochepa chinkangokula m'kamwa. Munthu wanzeru akanalavula. Zakeyu analumanso kachiwiri.

Tiyanjane anasuzumira pakhomo. "Mayo ine! Chikukoma?"

"Mmm. Chakudya cha akatswiri," anayankha mano ali chomata. "Lilime la kumudzi silingachimve."

"Nanga ulusi ukulendewera pakamwapo?"

"Ndi mizu yake."

Nyenyezi zitaoneka, a Kapuya analowa akuomba m'manja. "Bwerani muone m'mene timatsazikira Sabata! Pamafunika vinyo, zonunkhira, ndi kandulo yoluka, ya phula lenileni la njuchi. Ndinaiika apa dzulo dzuwa lisanalowe, poti pa Sabata sitiigwira." Anayang'ana m'mbale muja. Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. "Kodi m'nyumba mwanga mwalowa khoswe wovala nsapato?"

M'mbalemo munatsala kachidutswa kokhala ndi zipsera za mano, mzere wa pamwamba ndi wa pansi, mpaka mpata wa dzino limene Zakeyu anachotsa ali Fomu 2.

Onse anatembenuka. Zakeyu anaima chilili, masaya ali tuu, zingwe zitatu zikulendewera pamlomo ngati wameza mbewa zamoyo.

"Kamtedza," anatero a Dokotala, "wadya kandulo ya eni ake?"

Mukuganiza anapepesa? Aaa, simumudziwa! Anakweza chala m'mwamba. "A Dokotala, mabuku ena amanena kuti ku Sipeini..." Nsagwada zinamatirira pomwepo. Chiganizocho mpaka lero sichinathe.

A Kapuya anaseka mpaka anagwira khoma. "Mwana wanga, anthu anga anayenda maiko ambiri, anaona njala zoopsa, koma kandulo sanadyepo. Ndiwe woyamba! Tsono Sabata titseka bwanji? Tiyatse iweyo? Zingwe uli nazo kale."

Anayatsa kachidutswa kaja, Tiyanjane atakagwira, akufunsabe kuti alukiranji zingwe zambiri. A Dokotala anangomuloza mtsikanayo n'kunena kuti, "Iwe, ukakonze pasipoti."

Zakeyu anabwerera ku Zomba atakhala kumbuyo kwa basi, akutokosa m'mano ndi kachitsotso. Nsagwada zitamasuka pa Namadzi, mawu ake oyamba anali akuti, "Komabe inali yosapsa bwino."

Ndiye inu, mukafika pa eni ake n'kuona chonona chili pambale palibe akuchigwira, tsegulani pakamwa kuti mutulutse funso, osati mulowetse chinthu. Paja safunsa adadya phula!